Agogo a m'nyimbo za akodiyoni za ku Colombia: ndi ulemu kapena n'kuwayalutsa?

Nachisale:
Abale anga, ndabwera ndi nkhani ya nyimbo, koma si za kwathu. Kumpoto kwa Colombia, kudera la Valledupar, kuli nyimbo zotchedwa vallenato. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito kuno ku London kwawo n'komweko, ndiye tikamapuma amanditsegulira pa foni n'kumandimasulira mawu ake. Zida zake zilipo zitatu basi: akodiyoni ya mabatani, kang'oma kotchedwa caja kamene amakapana m'miyendo, ndi kamtengo ka mizeremizere kotchedwa guacharaca kamene amakakwecha ndi waya. Koma chandigwira mtima si zidazo. Ndi anthu amene amaimbidwa. Nyimbo zambiri zakale sizitama mafumu kapena mabwana. Zimanena za nkhalamba za kumudzi, anthu enieni, dzina lawo ndi mudzi wawo zotchulidwa poyera. Pali ina ya Rafael Escalona yotchedwa La vieja Sara. Nkhani yake ndi yaing'ono kwambiri: akuti ayenera kukawaona agogo Sara monga analonjezera, kuopa kuti angati wawaiwala, ndipo wawatengera nsalu yoyera ndi mkanda kuti asoketse diresi azikayenda nayo monyadira m'mudzi mwawo mwa El Plan. Basi. Agogowo anamwalira kalekale, koma mnzangayu amawatchula ngati agogo ake enieni, chonsecho sanawaonepo. Alipo wina pano amene amazidziwa nyimbo zimenezi?

Phiri wa ku Zomba:
Achemwali, mwandikumbutsa kutali. Ndinakhalako ku Barranquilla ndikuphunzitsa Chingelezi, ndipo kumeneko nyimbo zimenezi zimalira m'basi, m'golosale, pena paliponse. Agogo Sara sanali munthu wopeka ayi. Dzina lawo linali Sara María Baquero, ndipo ndi amene anabereka Emiliano Zuleta Baquero ndi Toño Salas, onse awiri akatswiri a akodiyoni. Adzukulu awo, Poncho ndi Emilianito Zuleta, ndi amene anadzatchuka monga Los Hermanos Zuleta. El Plan ndi kamudzi ka m'mapiri a Perijá, chakumalire ndi Venezuela. Oimba ankakwera mapiri amenewo kukachezera pakhomo pa mayi ameneyu, n'kukhala masiku akuimba ndi kudya. Ndiye Escalona akamati ndikawaone agogo, akunena mayi amene anamudyetsa ndi kumugoneka kangapo konse.

Dalitso wa ku Ndirande:
Ine ndangomvera pa YouTube. Akodiyoni imeneyi ikulira mosiyana ndi imene ankaimba abambo ena ku tchalitchi kwathu. Ilibe makiyi a piyano eti?

Phiri wa ku Zomba:
Ilibe, mphwanga. Yawo ndi ya mabatani okhaokha, ndipo imene amaikonda ndi ya kampani ya ku Germany ya Hohner, mtundu wa Corona III: mizere itatu ya mabatani 31 kudzanja lamanja, ndi mabatani 12 a besi kumanzere. Batani limodzi limatulutsa mawu awiri, ena ukamakoka, ena ukamakankha. N'chifukwa chake imamveka ngati ikudumphadumpha. Vuto lake n'lakuti akodiyoni imodzi siifika makiyi onse, ndiye woimba wamkulu amayenda ndi zingapo, ndipo kuli amisiri amene ntchito yawo ndi kupala timalilime ta mkati kuti igwirizane ndi mawu a woimba. Inafika kugombe limenelo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kudzera m'madoko ngati Riohacha, n'kugwera m'manja mwa abusa a ng'ombe ndi alimi. Mayimbidwe ake alipo anayi: paseo, merengue, son ndi puya. Son ndi yodekha, besi yake yolemera. Puya ndi yothamanga moti woimba kang'oma amatuluka thukuta. Ya agogo Sara ija ndi merengue.

Nachisale:
Zikomo Aphiri. Ndiye imvani inanso imene ndimaikonda kuposa zonse, Compae Chipuco ya José María Gómez, amene ankamutcha Chema. Woimbayo akuti anali paulendo wa ku Fonseca, anaima ku Valledupar, ndipo pabwalo la pakati pa tauni anakumana ndi mdala wokamba nkhani osatopa. Anamufunsa dzina. Mdala uja n'kuyamba kudzifotokoza: dzina lake, kuti amakhala m'mbali mwa mtsinje wa Cesar, kuti mapazi ake ndi amawangamawanga, amavala chipewa chotambalala, ndipo pamwamba pa zonse amakonda mowa wa ramu. Lero ku Valledupar dzina limeneli aliyense amalidziwa.

Aphunzitsi Banda:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhulepo. Mwana wanga Nachisale, iwe ukuti ulemu. Ine ndikuona zina. Munthu wamkulu, wosauka, wa nthenda ya pakhungu, womwa mowa, ndiye wina wophunzira akudutsa paulendo wake n'kumutola kukhala nyimbo yoti dziko lonse lizisekerera. Ana ake ndi adzukulu ake ankamva bwanji nyimbo ikamalira pa wailesi kuti agogo awo ndi a mapazi amawanga ndiponso okonda bibida? Ife tinakula tikuuzidwa kuti akulu ndi m'dambo mozimira moto. Chofooka cha munthu wamkulu chimakambidwa kuseri, ndi akulu anzake, osati pabwalo ndi ng'oma.

Nambewe wa ku Chipata:
Aphunzitsi anena zoona mbali ina. Ine atate anga atawaimba kuti amakonda mowa sindingakondwe.

Phiri wa ku Zomba:
Aphunzitsi, nkhawa yanu ili ndi maziko, ndipo ndikupatsani umboni wina woposa umene mwapereka. Escalona yemweyo ali ndi nyimbo yotchedwa La patillalera. Imanena za mayi wachikulire wa ku Patillal, Juana Arias, amene anafika ku Valledupar atavala zakuda n'kuyamba kukuwa mumsewu chifukwa mdzukulu wake wokondedwa anathawa ndi mwini galimoto. Tsoka la pabanja, manyazi a mtsikana, zonse zinalowa m'nyimbo ndi mayina omwe. Ndiponso Escalona sanali mwana wa mlimi wosauka. Bambo ake anali msilikali waudindo wa kanelo, iye anaphunzira sekondale ku Santa Marta, ndipo akodiyoni sankaimba n'komwe, ankangopeka, ena n'kumuimbira. Ndiye funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yoimba mnzake ndi lenileni.

Koma pa Compae Chipuco ndikusiyana nanu. Tamvetserani mmene nyimboyo inamangidwira. Wopeka akulankhula mizere yochepa chabe, kufunsa dzina, kenako akukhala chete. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto wolankhula ndi mdala uja, ndipo sakupepesa kwa munthu. Mawanga a pamapaziwo anali a nthenda imene inali yofala pakati pa anthu osauka a m'mbali mwa mitsinje, ndipo a m'tauni ankawanyoza nayo. Mdalayu akuitchula yekha asanaitchule wina, n'kunena kuti iye ndiye mwana weniweni wa chigwa cha Valledupar. Aliyense woimba nyimboyi amakakamizika kunena kuti "ine", kuvala chipewa chija ndi mapazi aja. Loya, dokotala, nduna, onse akaimba amakhala Chipuco kwa mphindi zinayi. Ine pamenepo sindikuonapo kuyalutsa.

Aphunzitsi Banda:
Mawu amene akuti ndi a mdalayo analemba ndani? Si wophunzira yemwe uja?

Phiri wa ku Zomba:
Ndi yemweyo. Koma anasankha kumuimika chilili, osati kumugwaditsa.

Nachisale:
Aphunzitsi, ndiloleni ndiwonjezere. Kuno ndimasamalira okalamba. Chimene chimandipweteka tsiku ndi tsiku n'chakuti munthu akakalamba anthu amamufufuta pang'onopang'ono. Pakhomo la chipinda pali dzina, pafayilo pali mankhwala, basi. Pali agogo ena aamuna amene sankalankhula ndi aliyense. Tsiku lina mwana wawo anandiuza kuti bambo akewo anali munthu wovuta pa mpira, ankathamangitsidwa m'bwalo chifukwa chokalipira oimbira. Nditawafunsa za zimenezo anakweza mutu, maso n'kuwala, anayamba kundifotokozera chigoli china chimene anawakanira zaka makumi angapo zapitazo, mpaka kumenya patebulo supuni n'kugwa. Chimene chinawadzutsa si mbiri yoti anali bambo wabwino. Ndi khalidwe lawo lovuta lija. Pa maliro timati malemu anali munthu wabwino, wokonda mapemphero, wokonda abale. Aliyense timamunenera zomwezo, ndiye pakapita zaka palibe amene amakumbukika. Nyimbo izi zimasunga chipewa, mowa, kulongolola, diresi yoyera. Munthuyo umamuona.

Nambewe wa ku Chipata:
Asisi, apa mwandikhudza. Koma kodi palibe imene mwana anaimbira kholo lake lenileni? Chifukwa zonse mwatchulazi ndi za kholo la eni.

Phiri wa ku Zomba:
Ilipo mayi, ndipo ambiri kumeneko amaiika pakati pa merengue zabwino koposa. El viejo Miguel, ya Adolfo Pacheco wa ku San Jacinto, kudera la Bolívar. Miguel anali bambo ake omubereka. Malonda awo atagwa, mdalayo anachoka pamudzi ali wokhumudwa n'kupita mumzinda wa Barranquilla. Mwanayo sakubisa kuti bambo ake zinthu zawavuta. Akudandaula kuti mzinda uli ndi zowawa zake kwa munthu wa kumudzi, ndipo penapake akuti mayi anatsogola kumanda, tsopano bambo akupita okha kumzinda. Chodabwitsa n'chakuti nyimboyo ndi yothamanga, akodiyoni ikusewera, koma mawu ake ndi olira. Pacheco anamwalira mu Januwale 2023 atachita ngozi ya pamsewu.

Nambewe wa ku Chipata:
Ndaimvera kawiri. Chisipanishi sindimva koma misozi yatuluka. Atate anga anali ndi chigayo ndi kagolosale kumudzi. Ngongole zitachuluka anagulitsa zonse. Anachoka m'mamawa kusanache kuti anthu asawaone, atanyamula sutikesi imodzi ndi wailesi yawo atakulunga m'chitenje cha amayi. Ine ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Sanalankhule kanthu njira yonse, koma basi itafika anandipatsa makiyi a golosale imene sinalinso yathu. Mpaka lero pabanja pathu nkhani imeneyi sitiikamba, timangoti anasamukira ku Lusaka. Adzukulu awo sadziwa kuti agogo awo anadyetsapo mudzi wonse pa ngongole chaka cha njala, ndipo n'zimene zinawagwetsa. Tinabisa kugwa kwawo, ndiye ubwino wawo unabisika nawo limodzi.

Aphunzitsi Banda:
Pepani mayi Nambewe. Imeneyo ndiye ndikuivomereza ndi mtima wonse, chifukwa woimba ndi mwana wa m'nyumba. Chilonda ndi chake chomwe. Ya mayi wa zovala zakuda ija sindinaivomerebe.

Chikondi wa ku Joni:
Ndalowa mochedwa akuluakulu. Kuno anzathu a ku Lesotho ali ndi famo, nayonso ndi akodiyoni ndi ng'oma, inakulira m'migodi ndi m'mashabini. Amatchulanso mayina, midzi, mapiri a kwawo. Koma kutchulana kwawoko kunafika poipa, magulu anayamba kuphana, mpaka mu 2024 boma la Lesotho linaletsa magulu ena a famo. Ndiye Aphunzitsi akamati dzina la munthu m'nyimbo si chinthu chosewera nacho, ine ndikumva. Ku Colombia kulibe zotukwanana?

Phiri wa ku Zomba:
Ziliko achimwene, amazitcha piqueria, kulimbana kwa oimba awiri ndi mavesi opeka pompopompo. Yotchuka kwambiri ndi ya mwana wa agogo Sara uja, Emiliano Zuleta, ndi Lorenzo Morales. Mu 1938 Emiliano anapeka La gota fría, kunena kuti Morales anafika ku Urumita koma anathawa m'mamawa poopa kupikisana naye. Mawu ake ndi olasa, mpaka kunyoza kumene Morales anabadwira ndi kusaphunzira kwake, ndipo pamenepo palibe chokometsera. Morales nayenso ankayankha ndi nyimbo zake. Koma nkhondo yawo inathera m'nyimbo momwemo. Anadzakhala mabwenzi apamtima, n'kukalamba akuonekera limodzi. Emiliano anamwalira mu 2005 ali ndi zaka zoposa 90, Morales mu 2011. Mapeto ake iwowo ndi amene anasanduka nkhalamba zimene achinyamata ankapita kukaziona.

Chimene chinkathandiza, mmene ine ndikuonera, ndi malo amene nyimbozi zinkabadwira. Amati parranda. Anthu amakhala pabwalo la kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, mipando mozungulira, mphika wa msuzi wa mbuzi wothiramo chinangwa ndi nthochi uli pamoto, botolo likuyenda. Pa parranda yeniyeni savina, amamvetsera. Ndipo kawirikawiri munthu amene akuimbidwayo amakhala pompo, kapena mlongo wake, kapena mnansi wake. Ukanama akudzudzula nthawi yomweyo. Ukapyola malire uyankhidwa ndi vesi. Ndinakhalapo pa ina kumene mdala wina anaimitsa woimba pakati pa nyimbo ndi kukweza chala, kukonza dzina la mudzi limene mnyamatayo analakwitsa, ndipo mnyamatayo anayambiranso vesi yonse.

Aphunzitsi Banda:
Eya, apo ndiye tayandikirana. Amayi athu pamtondo ankaimba mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mwiniwake ali pakhonde akumva. Zinkathera m'mudzi momwemo, ndipo woimbidwayo anali ndi pakamwa poyankhira. Koma nyimbo ikalowa m'chimbale n'kupita ku London, mayi wa zakuda uja ayankhira kuti?

Dalitso wa ku Ndirande:
Funso limenelo ndi lolemera. Nanga zinatuluka bwanji m'midzi kufika dziko lonse?

Phiri wa ku Zomba:
Pang'onopang'ono. Poyamba anthu olemera a m'tauni ankaziona ngati nyimbo za antchito a kumunda. Zinthu zinasintha kwambiri mu 1968 pamene mayi wina mtolankhani Consuelo Araújo, Escalona ndi Alfonso López Michelsen, amene anali bwanamkubwa woyamba wa chigawo cha Cesar ndipo anadzakhala pulezidenti mu 1974, anayambitsa mpikisano wa nyimbozi wotchedwa Festival de la Leyenda Vallenata. Umachitika chaka chilichonse kumapeto kwa Epulo, ndipo wopambana pa akodiyoni amavekedwa ufumu. Mfumu yoyamba inali Alejo Durán, munthu amene anakulira pa ntchito ya ng'ombe ku El Paso. Mdala ameneyu mu 1987, pa mpikisano wa mafumu okhaokha, atalakwitsa pa mabesi anasiya kuimba n'kuuza khamu la anthu kuti wadzichotsa yekha pa mpikisano. Anthu amaikambabe nkhani imeneyo. Kenako mu 1991 kunabwera sewero la pa TV la moyo wa Escalona, woimba Carlos Vives ndiye ankasewera ngati Escalona, ndipo mu 1993 Vives anatulutsa chimbale cha Clásicos de la Provincia, kuphatikiza akodiyoni ya Egidio Cuadrado ndi magitala amagetsi. La gota fría ndi Compae Chipuco zonse zili mmenemo. Apo ndi pamene zinawolokera nyanja.

Chikondi wa ku Joni:
Zikufanana ndi zimene Namadingo anachita ndi agogo Giddes Chalamanda mu 2020. Ana a kuno amene sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti ankaimba Linny Hoo pa TikTok.

Nachisale:
Zoona achimwene, kungoti pamenepo agogowo ndi amene ankaimba okha, ali pampando pambali pa mnyamatayo. Mnzanga uja akuti chimene chimamuwawa masiku ano n'china. Mu vallenato ya malonda mayina akadalimo, koma asintha. Woimba amafuula dzina la munthu wandalama pakati pa nyimbo, nthawi zambiri atalipidwa. Za agogo a ku El Plan zija zachepa.

Dalitso wa ku Ndirande:
Ngati mmene amachitira oimba rumba a ku Congo, kuponya mayina a mabwana. Ifenso m'masitudiyo muno zayamba. Munthu amabwera ndi envelopu kuti umutchule.

Phiri wa ku Zomba:
Ndipo si mnzanuyo yekha amene akudandaula. Mu 2015 UNESCO inaika vallenato yachikale pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mwachangu. Zifukwa zake zinali nkhondo ya m'dzikomo yolimbikitsidwa ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo, kuchepa kwa malo ochitira parranda, ndi mtundu watsopano wa malonda umene ukukankhira wakalewo kumbali. Consuelo Araújo yemwe uja anagwidwa ndi zigawenga za FARC n'kuphedwa mu 2001. Kumidzi kumene anthu ankachezera usiku wonse pabwalo kunafika poti kukada aliyense m'nyumba. Nyimbo ya nkhalamba imafuna nthawi yokhala nayo nkhalambayo, kumva nthabwala zake, kudziwa chimene imakonda kudya. Wothawa nkhondo nthawi imeneyo alibe, wothamangira ndalama za situdiyonso alibe.

Dalitso wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ine mwandipatsa ntchito. Agogo anga aakazi ku Thyolo ali moyo. Anathyola tiyi moyo wawo wonse, amafwenkha fodya wa mphuno amene amasunga m'kabotolo ka mankhwala, ndipo mbuzi zawo zonse anazipatsa mayina a anthu amene anawakongola ndalama osabweza. Mbuzi ikalowa m'munda mwa eni amaikalipira ndi dzina lomwelo mudzi wonse ukumva. Ndikufuna ndiwapekere nyimbo, ndipeze wa akodiyoni kapena banjo. Aphunzitsi, mundilola?

Aphunzitsi Banda:
Wondipempha si ine, mdzukulu wanga. Pita ku Thyolo, ukakhale nawo pamkeka, ukawaimbire iwowo poyamba usanapite ku situdiyo. Akaseka, pitiriza. Akati chotsa apa, uchotse, ngakhale pakhale pokoma bwanji. Ndipo ikadzagulitsidwa, gawo lawo lifike m'manja mwawo iwo ali moyo.

Nachisale:
Koma usakaisalaze mpaka kutsala "agogo anga ndi abwino" yekha. Kabotolo ka fodya kakhalemo.

Nambewe wa ku Chipata:
Fodya akhalemo, tiyi akhalemo, mbuzinso zikhalemo. Koma mayina a mbuzizo usinthe, Dalitso. Eni ake a ngongolewo ali ndi ana, ndipo iwo sanakupemphe nyimbo.

Dalitso wa ku Ndirande:
Ndamva mayi. Ndikawafunsa agogo ngati angalole kuti vesi yomaliza aimbe okha, mawu awo akadali amphamvu. Aphiri, munditumizire ku inbox mayina a nyimbo za son ziwiri kapena zitatu za Alejo Durán, ndikufuna ndimvetsetse mmene besi ija imayendera.